Ngodya Yaikulu Ndiyo Itcha Dzina: Luso la Euclid Pogawa Mathirayango

Aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya masamu anaonapo mphunzitsi akujambula mathirayango atatu pabolodi. Yoyamba imakhala ndi ngodya ya sikweya, yachiwiri ili ndi ngodya imodzi yotambasuka, yachitatu ngodya zake zonse n'zosongoka. Ana amakopera m'makope, n'kuloweza mayina a Chingerezi akuti right, obtuse ndi acute, ndipo mayeso akadutsa nkhani imathera pomwepo. Phunziroli limaoneka laling'ono moti ambiri saganiza n'komwe kuti pali dzanja limene linalikonza. Dzanjalo lilipo, ndipo ntchito yake ndi ya mmisiri weniweni. Mathirayango ndi osawerengeka, ena aatali ngati mkondo, ena aphwatalala, koma onsewo analowa m'magulu atatu okha, popanda yosowa kwawo ndiponso popanda yokhala kuwiri.

Amene anatisiyira kagawidwe kameneka molongosoka ndi Euclid, Mgiriki amene ankaphunzitsa mumzinda wa Alexandria ku Egypt zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Buku lake lotchedwa Elements lili ndi zigawo 13. Chigawo choyamba chimatsegula ndi matanthauzo 23, kenako zinthu 5 zimene iye apempha owerenga kuti azivomereze poyambira, mfundo zina 5 zodziwika kwa munthu aliyense woganiza, ndiyeno mfundo 48 zimene azitsimikiza imodzi pambuyo pa inzake. Sikuti zonse anazitulukira yekha ayi. Zambiri anazipeza kwa amene anamutsogolera, monga Thales ndi ophunzira a Pythagoras. Luso lake linali pa kuyala: kudziwa choyamba n'chiti, chotsatira n'chiti, kuti pasapezeke mfundo yotsamira pa chinthu chimene sichinakhazikike. Kugawa mathirayango potengera ngodya kuli pa tanthauzo la 21, ndipo ndi mawu ochepa kwambiri. Koma mawu ochepawo anasemedwa mosamala zedi.

Choyamba chosiririka ndi muyeso umene anasankha. Ife lero timangoti ngodya ya sikweya ndi madigiri 90. Euclid sanatchule digiri ngakhale imodzi m'buku lonselo. Kugawa mkombero m'magawo 360 kunachokera kwa akatswiri a nyenyezi a ku Babylon, ndipo m'zolemba za Agiriki kunayamba kuoneka ndi Hypsicles, amene anakhalako Euclid atamwalira kale. Tsono popanda nambala, munthu angailongosole bwanji ngodya ya sikweya? Njira ya Euclid ndi iyi. Imikani mzere wowongoka pamwamba pa mzere wina wowongoka. Pamene yakumanapo pabadwa ngodya ziwiri, ina kumanzere, ina kumanja. Mzere woimawo ukapendekera kumanzere, ya kumanzere imachepa, ya kumanja n'kukula. Ukapendekera kumanja, zimatembenuka. Pali kaimidwe kamodzi kokha pamene ziwirizo zifanana ndendende, ndipo pamenepo iliyonse ndi ngodya ya sikweya. Yoposa imeneyo ndi yotambasuka, yochepera imeneyo ndi yosongoka.

Taonani kuti muyesowu sudalira chida cha munthu wina aliyense. Rula ya ku Alexandria ikanatha kusiyana ndi ya ku Athens, koma ngodya yofanana ndi inzake yogundizana nayo ndi imodzimodzi kulikonse. Euclid anadziwa kuti nyumba yake yonse yaima pamenepa, n'chifukwa chake mwa zinthu 5 zimene anapempha kuti tivomereze, chachinayi n'chakuti ngodya zonse za sikweya n'zofanana. Kalipentala wosamala amachita zomwezi mpaka lero akafuna kudziwa ngati sikweya yake yachitsulo idakali yoona. Amaigoneka m'mphepete mwa thabwa lopalidwa bwino, n'kulemba mzere ndi pensulo. Kenako amaitembenuza kuti iyang'ane mbali inayo, n'kulembanso mzere pamalo omwewo. Mizere iwiriyo ikagwera pamodzi, chida chili bwino. Ikasiyana, chida chapindika. Kalipentalayo sanawerenge digiri iliyonse. Wangofunsa ngati ngodya ya kumanzere ikufanana ndi ya kumanja, lomwe ndi tanthauzo la 10 la Euclid litagwiridwa ndi manja.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pali mtima wa lusoli, ndi kusalingana kwa malamulo atatuwo. Kuti thirayango itchedwe ya sikweya, pafunika ngodya imodzi yokha ya sikweya. Kuti itchedwe yotambasuka, pafunika ngodya imodzi yokha yotambasuka. Koma kuti itchedwe yosongoka, Euclid akufuna zonse zitatu zikhale zosongoka. Imodzi, imodzi, zitatu. Munthu wofulumira akanakonda kuti malamulowo amveke mofanana, n'kunena kuti thirayango yosongoka ndi imene ili ndi ngodya yosongoka. Akanatero, kagawidwe konse kakanagwa nthawi yomweyo, pakuti palibe thirayango imene ilibe ngodya yosongoka. Ya madigiri 90, 45 ndi 45 ili nazo ziwiri. Ya madigiri 120, 30 ndi 30 ili nazonso ziwiri. Ngakhale ya madigiri 178, 1 ndi 1, imene yatsala pang'ono kugona n'kukhala mzere, ili nazo ziwiri zosongoka koopsa. Choncho ngodya ziwiri zing'onozing'ono sizinena kanthu. Yonena ndi yaikulu. Ifunseni imodzi yokhayo: kodi wafika pa sikweya, wapitirira, kapena wapereŵera? Yankho lake ndilo dzina la thirayango yonse.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Mwana akaona thirayango ya madigiri 100, 40 ndi 40, amawerenga kuti zosongoka ndi ziwiri, yotambasuka ndi imodzi, ndiye n'kuganiza kuti zochuluka zapambana. Sanalakwitse kuwerenga, wangofunsa ngodya zosayenera. Mphunzitsi amene wamvetsa chifukwa chimene Euclid analembera kuti zitatu, osati imodzi, amathetsa chisokonezochi m'mphindi zochepa.

Komabe tanthauzo palokha ndi lonjezo chabe. Tidziwa bwanji kuti sipadzapezeka thirayango yokhala ndi ngodya ya sikweya pakona ina ndi yotambasuka pakona ina, n'kufuna mayina awiri nthawi imodzi? Euclid sanasiye funsoli m'malere. Analiyankha pa mfundo ya 17, ndipo kayankhidwe kake n'kokoma kukatsatira pang'onopang'ono. Tengani thirayango iliyonse, mutalikitse mbali yake ya pansi kuti ipitirire kunja. Pakona pamene yapitirirapo pali tsopano ngodya ziwiri zogundizana, yamkati ndi yakunja. Ziwirizi zadzaza mzere wowongoka, ndiko kuti pamodzi zikwana ngodya ziwiri za sikweya. Pa mfundo ya 16 Euclid wasonyeza kale kuti yakunjayo imaposa iliyonse ya ngodya ziwiri zamkati zimene zili kutali nayo. Tsono chotsani yakunjayo, m'malo mwake muike imodzi mwa zakutalizo. Mwachotsa chachikulu n'kuikapo chaching'ono, choncho zimene muli nazo sizingafikenso pa ngodya ziwiri za sikweya. Mungachite chimodzimodzi pakona iliyonse. Motero ngodya ziwiri zilizonse za thirayango, zikaphatikizidwa, zimapereŵera pa ngodya ziwiri za sikweya.

Chigamulo chatuluka. Za sikweya ziwiri sizingakhale pamodzi. Ya sikweya ndi yotambasuka sizingakhale pamodzi. Zotambasuka ziwiri ndiye ayi ndithu. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo m'thirayango malo a ngodya yofika pa sikweya kapena kupitirira ndi amodzi okha. Akakhalamo wa sikweya, gulu ladziwika. Akakhalamo wotambasuka, ladziwikanso. Akakhala opanda mwini, zonse zitatu n'zosongoka. Njira yachinayi palibe.

Wina anganene kuti njira yachidule inalipo, pakuti tonse tidziwa kuti ngodya zitatu za thirayango zimakwana madigiri 180, ndipo ziwiri za 90 zikanamaliza zonse, yachitatu n'kusowa gawo. N'zoona, ndipo Euclid anatsimikiza zimenezi pa mfundo ya 32. Ana athu amazionera pong'amba makona atatu a thirayango ya pepala n'kuwandandalika, nsonga pamodzi, mpaka apange mzere wowongoka. Koma mfundo ya 32 imadalira chopempha chachisanu, chokhudza mizere yoyenda limodzi osakumana, chimene n'cholemera kuposa zinzake zinayi. Euclid anapewa kuchigwiritsa ntchito mpaka pa mfundo ya 29. Zonse zimene akanatha kuzimanga popanda icho anazimanga kaye, ndipo chitetezo cha magulu atatu a mathirayango chili m'gulu limenelo. Uku ndi kusamala chuma kwa mmisiri wodziwa mtengo wa zipangizo zake. Sanatenge chida cholemera pa ntchito imene chopepuka chikanakwanitsa.

Tanthauzo la 20, loyandikana nalo, limagawa mathirayango potengera mbali: ya mbali zitatu zofanana, ya mbali ziwiri zokha zofanana, ndi ya mbali zosiyana zonse. Mukawoloketsa magulu atatu awa ndi atatu a ngodya aja, mungayembekeze mitundu 9. Imene ilipo ndi 7 yokha. Ya mbali ziwiri zofanana ingakhale ya madigiri 90, 45, 45, kapena 120, 30, 30, kapena 70, 70, 40. Ya mbali zosiyana ingakhale ya 90, 60, 30, kapena 110, 40, 30, kapena 80, 60, 40. Koma ya mbali zitatu zofanana ilibe mwayi wosankha. Mfundo ya 5 imati mbali ziwiri zikafanana, ngodya zoyang'anizana nazo zimafanananso. Choncho mbali zitatu zofanana zibala ngodya zitatu zofanana, ndipo popeza ziwiri sizingafike pa sikweya, zonse ziyenera kukhala zosongoka, madigiri 60 iliyonse. Malo awiri opanda kanthuwo akutiuza chinthu chachikulu: mbali ndi ngodya za thirayango sizichita zofuna zawo payekhapayekha, zimamangana.

Kumangana kumeneku Euclid anakutsatira mpaka kumapeto, ndipo ndi kumene phunziroli limatsikira pabolodi n'kufika pansi pamene anthu akumanga. Mfundo ya 18 ndi ya 19 zimati mbali yaitali kwambiri imayang'anizana ndi ngodya yaikulu kwambiri. Ndiye kuti ngodya ija yotcha dzina mungaipeze osaiyeza: pezani mbali yaitali, muyang'ane kutsidya kwake. Mfundo ya 47, imene timaitchula ndi dzina la Pythagoras, imati m'thirayango ya sikweya, mukachulukitsa mbali yaitali ndi iyo yomwe, mupeza chimodzimodzi ndi mbali ziwiri zinazo zitachulukitsidwa iliyonse ndi iyo yomwe n'kuphatikizidwa. Mfundo ya 48, imene itseka chigawo choyamba, imayenda chobwerera: nambala zikagwirizana chomwecho, ngodyayo ndi ya sikweya ndithu. Ndipo m'chigawo chachiwiri, mfundo ya 12 ndi ya 13 zimamaliza nkhani ya magulu awiri otsalawo. Pa ngodya yotambasuka, mbali yoyang'anizana nayo imapitirira muyeso uja. Pa yosongoka imapereŵera. Euclid ananenanso kuti ndi zingati zimene imapitirira nazo kapena kupereŵera nazo, ndipo m'menemo ndi mmene munadzatuluka lamulo la cosine limene ophunzira a ku sekondale amalimbana nalo.

Tiyeni tiziyese. Mbali zikakhala 3, 4 ndi 5, yaitali ipereka 25, ndipo 9 ndi 16 ziperekanso 25, choncho ndi ya sikweya. Zikakhala 3, 4 ndi 6, yaitali ipereka 36, yaposa 25, choncho ndi yotambasuka. Zikakhala 4, 5 ndi 6, yaitali ipereka 36, pamene 16 ndi 25 zipereka 41, choncho ndi yosongoka. Koma lamulo lija lofunsa yaikulu silitha mphamvu. Pa mbali za 2, 3 ndi 4, munthu akayesa 2 kapena 3 apeza ngodya zosongoka, n'kuganiza kuti wamaliza. Ayese 4: ipereka 16, pamene 4 ndi 9 zipereka 13 yokha. Thirayangoyo ndi yotambasuka.

Mmisiri woyeza maziko a nyumba, kaya ndi ku Area 25 ku Lilongwe kapena ku Chipata, amagwira ntchito imeneyi ndi zikhomo, chingwe ndi tepi. Amakhoma chikhomo pakona, n'kukoka zingwe ziwiri, china cha khoma lakutsogolo, china cha khoma la m'mbali. Pa chingwe choyamba amayeza mamita 3 n'kuika chizindikiro, pa chachiwiri mamita 4, kenako amapingasa tepi kuchokera pa chizindikiro china kufika pa chinzake. Ikawerenga mamita 5 ndendende, kona ili pa sikweya, anyamata ayambe kukumba. Ikawerenga mamita 5 ndi masentimita 20, kona yatambasuka, chingwe chibwezedwe mkati. Ikawerenga mamita 4 ndi masentimita 80, kona yapanikizika, chingwe chikankhidwe kunja. Pamalo opanikiza amayeza masentimita 60, 80 ndi 100, zotsatira n'zomwezo. Munthuyu akugawa thirayango potengera ngodya yake, ndipo akudziwa kuti akaphonya, cholakwacho chidzamutsata mpaka pamwamba. Malata sadzagona bwino pa mitanda, ndipo woyala matailosi adzadula zidutswa zopendekera m'mbali mwa khoma lonse.

Nzeru ya chingwe imeneyi ndi yakale kuposa Euclid. Phale ladongo la ku Mesopotamia lotchedwa Plimpton 322, lolembedwa zaka pafupifupi 1800 Yesu asanabadwe, limene likusungidwa ku Columbia University ku New York, lili ndi nambala monga 119 ndi 169, zimene pamodzi ndi 120 zimapanga thirayango ya sikweya. Ku India, malangizo a Baudhayana oyezera maguwa a nsembe ndi chingwe amatchula mbali za 3 ndi 4 komanso za 5 ndi 12. Amisiri ankadziwa kuti zimatheka. Chimene Euclid anawonjezera ndi chifukwa chake, ndiponso chitsimikizo chakuti sipadzakhala tsiku limene chingwe chidzanama.

Kagawidwe kabwino kamadziwika chifukwa kamatulukiranso pamene simunakaitane. M'chigawo chachitatu, Euclid akukamba za seko, osati za mathirayango, koma pa mfundo ya 31 magulu atatu aja abweranso okha. Dulani seko ndi mzere wowongoka, ndipo kuchokera pa nsonga ziwiri za mzerewo kokani mizere yokakumana pa malo alionse a mkombero. Mzere wodulawo ukadutsa pakatikati penipeni pa seko, ngodya yobadwa pa mkomberoyo ndi ya sikweya nthawi zonse, mfundo imene anthu akale ankati anaiyamba ndi Thales. Ukapanda kudutsa pakati, mukaima m'chigawo chachikulu cha seko, ngodyayo ndi yosongoka. Mukaima m'chigawo chaching'ono, ndi yotambasuka. M'chigawo chachinayi, pa mfundo ya 5, akufuna seko yodutsa pa makona onse atatu a thirayango, ndipo pakati pa sekoyo pamagwa malo atatu osiyana: mkati mwa thirayango ikakhala yosongoka, pakati penipeni pa mbali yaitali ikakhala ya sikweya, ndi kunja kwake ikakhala yotambasuka. Ichi n'chizindikiro chakuti Euclid sanangosanja zinthu kuti zioneke bwino. Anadula pamene panali kale mfundo ya chilengedwe cha mathirayango.

Kagawidweka kalinso ndi malire ake, ndipo kudziwa malirewo kumawonjezera ulemu wake. Zonse tanenazi n'za pamalo athyathyathya. Pa chinthu chobulungira monga dziko lapansi, nkhani imasintha. Yambirani kumpoto kwenikweni kwa dziko, mutsike molunjika mpaka pa equator, mukhote n'kuyenda gawo limodzi mwa magawo anayi a mkombero wa dziko, kenako mukwerenso kubwerera kumpoto. Mwajambula thirayango ya ngodya zitatu za sikweya, madigiri 270 pamodzi. Menelaus, wa ku Alexandria komweko, analemba za mathirayango otere cha m'chaka cha 100 Yesu atabadwa, ndipo oyendetsa zombo ndi ndege amadalira masamu amenewo. Koma pa bolodi, pa pepala, pa thabwa ndi pa malo omangapo nyumba, lamulo la Euclid silinagwedezekepo.

N'chifukwa chake mawu ochepa aja ayenda ulendo wautali osasintha. Anamasuliridwa m'Chiarabu ku Baghdad cha m'chaka cha 800, m'Chilatini ndi Adelard wa ku Bath m'zaka za m'ma 1100, anasindikizidwa koyamba ku Venice mu 1482, analowa m'Chingerezi mu 1570, ndipo mu 1607 Matteo Ricci ndi Xu Guangqi anamasulira zigawo 6 zoyambirira m'Chitchaina. Mibadwo yonseyi inawonjezera madigiri, zida zoyezera ndi makina owerengera, koma palibe amene anapeza chifukwa chowonjezera gulu lachinayi kapena chochotsera limodzi.

Aphunzitsi ndi makolo, phunziro ili lisathere pa kuloweza mayina atatu. Tulutsani ana pabwalo la sukulu ndi chingwe, zikhomo zitatu ndi tepi. Ayeze 3 ndi 4, apingase, aone ndi maso awo kona ikutambasuka ndi kupanikizika. Auzeni ayese kujambula thirayango ya ngodya ziwiri za sikweya, alephere okha, kenako muwafunse chifukwa chake. Mwana amene wadziwa kusankha muyeso umodzi, kufunsa ngodya yoyenera, ndi kutsimikiza kuti palibe chotsala kunja kapena chokhala kuwiri, waphunzira kaganizidwe kamene adzakafune popanga mipando, poyeza munda ndi poweruza nkhani. Mphatso imeneyo ili m'phunziro limodzi la masamu, ndipo ndi udindo wathu kuipereka yathunthu.